Kukonza pobenthuka pa boti la faiba lonyezimira popanda kupha tinyenyezi take

Maboti onyezimira aja amene amabwera pa ngolo kuchokera ku Harare ndi ku Johannesburg kudzawedza mcheni pa nyanja ya Cahora Bassa ku Tete sachedwa kulandira zipsera. Nyanjayi inameza chigwa cha Zambezi damu la ku Songo litatsekedwa mu 1974, ndipo pansi pa madzi panatsala miyala ndi zitsa za mitengo. Madzi akaphwera, mwala umene chaka chatha unali kutali pansi lero ukukanda mimba ya boti. Onjezani kukweza ndi kutsitsa pa ngolo, nangula woponyedwa mwaphuma, ndi chizolowezi chokokera boti pagombe la nsangalabwi. Mapeto ake ndi timizere, timing'alu ndi malo obenthuka. Boti silimira nazo zimenezi, koma mwini wake akaziona nkhope imagwa, ndipo pamene pabenthuka mpaka kufika pa faiba madzi amayamba kulowerera pang'onopang'ono.

Malangizo awa ndi a inu amene mumasamala maboti otere m'makampu a asodzi, kaya munachokera ku Marávia, ku Chifunde, ku Macanga kapena munatsika ku Angónia kudzasaka ganyu kunyanja. Ndikunena za bala laling'ono, losaposa ndalama yachitsulo ya 10 meticais, kapena mzere wotalika ngati chala. Bala lalikulu kuposa chikhatho limafuna makina opopera ndi munthu wozolowera, ndipo bulashi singalithe.

Muyambe mwadziwa mmene khungu la botili linapangidwira

Amene salidziwa khunguli amaononga boti ndi sandipepa tsiku loyamba lomwe. Boti la faiba amaliumba m'chikombole ngati njerwa: chimene chayamba kukhudza chikombole ndicho chimadzakhala kunja. Ku fakitale amayamba kupopera gelcoat (utoto wochindikala umene ukauma umakhala khungu lolimba la boti) yopanda mtundu, imene ogulitsa amaitchula clear. Kenako amapopera clear ina yosakaniza ndi tinyenyezi tija. Pambuyo pake amapopera gelcoat ya mtundu, kawirikawiri yakuda kapena ya mtundu wina wodera, ndipo pomaliza amayala nsalu za faiba ndi resin, mankhwala onanda amene akauma amalimbitsa nsaluzo. Ndiye inu mukaima panja pa boti, chimene dzanja lanu likukhudza ndi clear, pansi pake pali tinyenyezi, pansi pa tinyenyezi pali mtundu, ndipo pansi penipeni pali faiba. Zigawo zitatu zoyambazo mukaziphatikiza nthawi zambiri sizikwana ngakhale milimita imodzi.

Tinyenyezito si chitsulo chenicheni ayi. Ndi tizidutswa ta pulasitiki yopyapyala yokutidwa ndi aluminiyamu, ndipo mtundu wofiira, wabuluu kapena wobiriwira uli pamwamba pokha. Sandipepa akangotikhudza, mtundu uja umachoka n'kutsala timadontho tasiliva tosachoka ndi polishi ina iliyonse. Nchifukwa chake ntchito yonse imene ndifotokoze pano yagona pa chinthu chimodzi: tinyenyezi tatsopano tikhale pansi, pa msinkhu umene tinzake takale tili, ndipo pamwamba pake pakhale clear yokwanira yoti sandipepa adye osafika pa ito.

Onani kaye kuzama kwa bala

Tsukani malowo ndi sopo, aume, kenako muwanyowetse ndi chala chamadzi. Mzere ukazimiririka uli wonyowa n'kubwereranso utauma, ndiye kuti uli mu clear mokha. Yendetsanipo chikhadabo. Ngati sichikukodwa, musatsegule n'komwe chitini cha gelcoat: kwechani mopepuka ndi sandipepa wa m'madzi wa 1000, kenako 1500 ndi 2000 (nambala ikamakula, sandipepa amakhala wosalala kwambiri), pakani polishi, basi mwatha. Ngati chikhadabo chikukodwa koma tinyenyezi sitinakhudzidwe, mudzangofunika kudzaza ndi clear yokha, ndipo magawo a mtundu ndi tinyenyezi mudzawadumpha.

Mukaona mtundu wakuda pansi pa bala, kapena ulusi woyera wa faiba, zigawo zonse ziyenera kumangidwanso. Musanayambe, gogodani mozungulira balalo ndi ndalama yachitsulo. Pabwino pamalira mokweza, kuti ke ke ke. Pamene faiba yalekana mkati pamalira mogontha, kuti phu phu. Dinaninso ndi chala chachikulu mwamphamvu. Pakabonyoka, kapena ngati timing'alu tafalikira kuchokera pamalo amodzi ngati pamene pagunda mwala, vuto lili m'faiba, ndipo gelcoat yopaka pamwamba idzang'ambikanso boti likangomenya mafunde a ku Chicoa kawiri katatu. Pamenepo faiba iyambe yakonzedwa kuchokera mkati.

Zofunika kukhala nazo

Mufunika clear ya polyester yopanda phula, gelcoat pang'ono ya mtundu wa pansi paja (kapena utoto wa gelcoat woti musakanize mu clear), mankhwala oumitsira otchedwa MEKP, tinyenyezi, acetone (mankhwala amadzi opukutira mafuta ndi phula), tepi ya pepala, sirinji yaing'ono ya 1 ml ndi ina ya 20 ml, tibulashi tating'ono, timitengo totokosera m'mano, lezala latsopano, kathabwa kosalala kokulungirapo sandipepa, ndi pulasitiki yolimba yoonekera ngati imene amaika pamwamba pa mabuku omangidwa m'malo ojambulitsira mapepala. Sandipepa akhale wouma wa 180 ndi wa m'madzi wa 400, 600, 800, 1000, 1500 ndi 2000; m'masitolo a zomangira mumzinda wa Tete funsani lixa de água. Pomalizira mudzafuna rubbing compound (phala lochotsa mizere yosiyidwa ndi sandipepa), polishi ndi phula la maboti kapena la galimoto. Zosakaniziramo zikhale zikho za pepala, chifukwa tizikho toyera tofewa ta pulasitiki tija timasungunuka gelcoat ikangotikhudza.

Sandipepa, tepi ndi acetone sizivuta. Chovuta ndi clear yeniyeni ndi tinyenyezi, zimene nthawi zambiri zimayenera kuitanitsidwa kuchokera ku Harare kapena ku South Africa. Pemphani mwini boti adzabwere nazo akamadzera pa chipata cha malire a Zimbabwe cha Cuchamano. Musaitanitse zambiri, chifukwa gelcoat imakhala bwino miyezi yowerengeka chabe, ndipo kutentha kwa kuno kumaifupikitsanso moyo. Theka la kilogalamu likukwanirani mabala ambirimbiri.

Pa tinyenyezi chenjerani. Tija togulitsa kwa okongoletsa zikhadabo ndi opanga makadi timasuluka mtundu tikalowa mu gelcoat, clear yonse n'kudetsedwa. Tifunika topangira maboti kapena galimoto. Timagulitsidwa mwa kukula kwake, monga 0.008, 0.015 ndi 0.025 ya inchi, ndipo 0.015, imene ndi pafupifupi 0.4 mm, ndi yofala pa maboti owedzera. Jambulani khungu la boti pafupi kwambiri ndi foni padzuwa, mutaika rula pambali, kenako kulitsani chithunzicho. Mudzadabwa kuona kuti boti limene mumaliyesa lofiira lili ndi tofiira tambiri, tagolide pang'ono ndi takuda apo ndi apo. Chithunzi chimenecho ndicho mutumize kwa wogulitsa.

Zinthu ziwiri zimene anthu amathamangira zisiyeni. Guluu wa epoxy wa timachubu tiwiri amachita chikasu padzuwa, ndipo gelcoat sigwira bwino pamwamba pake. Phala lodzazira mabodi a galimoto limamwa madzi, silikhalitsa pa boti.

MEKP si yoseweretsa

Imaoneka ngati madzi, koma dontho limodzi m'diso lingakuchititseni khungu. Valani magalasi oteteza maso ndi magolovesi musanatsegule botolo, ndipo pafupi pakhale chidebe cha madzi oyera. Ikagwera m'diso, tsukani ndi madzi osalekeza kwa mphindi 15 kenako thamangirani kuchipatala. Musaisakanize ndi acetone, musaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotsekedwa, ndipo musaithire m'botolo la zakumwa pamalo pamene pamayenda ana. Acetone ndi fungo la gelcoat zimagwira moto msanga, choncho wosuta fodya ndi wowotcha nsomba pambaula akhale kutali, ndipo thanki ya petulo ichoke m'boti. Gwirani ntchito pamalo opita mphepo.

Nthawi yogwirira ntchito

Apa ndi pamene ife a ku Tete timasiyana ndi zolembedwa pa chitini. Opanga gelcoat amawerengera kutentha kwa madigiri 25, pamene ukasakaniza umakhala ndi mphindi 10 mpaka 20 isanayambe kulimba. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, nthawi imeneyo imatsika pafupifupi ndi theka. M'chigwa muno mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo khungu lodera la boti loima padzuwa limatentha koposa apo, moti dzanja silikhalapo. Kupaka gelcoat pamenepo masana n'kutaya ndalama: imalimba bulashi isanafike kawiri, n'kutsekera timpweya mkati.

Lowetsani boti pansi pa denga dzulo lake kuti lizizire, ndipo yambani m'mamawa kukangoyera. Mthunzi wa mtengo ndi wachiwiri kwa denga chifukwa umayenda ndiponso umagwetsa zinyalala. Miyezi ya Meyi mpaka Julayi ndiyo yokoma pa ntchitoyi kunyanja. Kukakhala mphepo yafumbi ya mu Ogasiti ndi Seputembala, wazani madzi pansi mozungulira ndipo tchingani ndi lona. Amene boti lawo lili kumtunda, monga ku Ulónguè, vuto lawo ndi losiyana: m'mamawa wa mu Juni kumazizira kwambiri, ndipo pansi pa madigiri 16 gelcoat siuma bwino, choncho adikire dzuwa likwere.

Balalo likhalenso louma mkati. Boti longotuluka m'madzi likhale masiku angapo pamtunda, makamaka ngati faiba ikuonekera, chifukwa ulusi uja umasunga chinyezi ndipo chinyezi chimachititsa clear kuoneka yamkaka.

Yeserani pa galasi

Ambiri amadumpha gawo ili, ndipo ndiwo amene chigamba chawo chimaonekera uli patali. Tengani kagalasi ka windo kakale, kapukuteni. Sakanizani clear pang'ono, pakani mopyapyala pagalasi, idikireni ilimbe. Pamwamba pake pakani timagawo titatu ta clear yosakaniza ndi tinyenyezi, koyamba tochepa, kachiwiri tochulukirapo, kachitatu tambiri, ndipo lembani muyeso wa kalikonse. Zikalimba, pakani mtundu wa pansi uja pamwamba pa zonse. Mukatembenuza galasilo n'kuyang'ana mbali inayo, mukuona chimodzimodzi mmene fakitale inapangira. Ligunditseni pa boti padzuwa, muyang'ane muli kutsogolo, muli chammbali, ndiponso mutaima mapazi asanu kumbuyo. Kagawo kamene kakusowa m'maso ndiko muyeso wanu.

Kuyesaku kukuuzaninso zinthu zina ziwiri: ngati gelcoat yanu ikadali yamoyo, ndi mphindi zimene muli nazo pa kutentha kwa tsikulo. Muyembekezere kuti chigamba chidzawala pang'ono kuposa pozungulira, chifukwa clear yakale inapsa ndi dzuwa n'kuchita kachikasu. Zimenezo musalimbane nazo. Pakapita miyezi zimayandikirana zokha.

Kusakaniza

Muyeso wa MEKP ndi pakati pa 1 ndi 2 peresenti, pokhapokha chitini chanu chitanena zina. Pa 20 ml ya gelcoat, 1.5 peresenti ndi 0.3 ml. Kukatentha tsikirani pa 0.25 ml, koma musatsike pansi pa 0.2 ml, chifukwa gelcoat yoperewera MEKP imakhala yofewa mpaka kalekale, siwala, ndipo imamata pa sandipepa. Kuchulutsanso sikufulumizitsa ntchito mwaubwino: imachita chikasu, imafota kwambiri, imang'ambika. Kuwerenga madontho kumanamiza chifukwa kamwa za mabotolo zimasiyana, ndiye gwiritsani sirinji. Ngakhale bala likufuna madontho asanu okha, sakanizani 10 kapena 20 ml, popeza kamuyeso kochepetsetsa n'kovuta kukalondola. Takasani mofatsa kwa mphindi imodzi, mukupala m'mbali ndi pansi pa chikho, osapuntha ngati mazira, kuti musalowetse mpweya. Yotsala m'chikho imatentha ikamalimba, nthawi zina mpaka kufuka utsi. Iikeni panja padothi, kutali ndi nsanza za acetone.

Kukonza bala

Choyamba pukutani malo aakulu kuposa balalo ndi acetone pa nsalu yoyera, mukutembenuza nsalu nthawi iliyonse. Izi zichitike musanakweche, apo ayi sandipepa amakankhira phula lakale mkati mwa bala ndipo gelcoat yatsopano sigwira. Kenako zungulizani tepi, kusiya mamilimita atatu kapena anayi kuchokera m'mphepete mwa bala.

Ndi nsonga ya mpeni kapena lezala chotsani tizibenthu tonse togwedera. Pamene chikhadabo chikutha kulowa pansi pa khungu, pamenepo pachoke mpaka mufike polimba. Tsopano pendeketsani m'mbali mwa balalo kuti mukhale motsetsereka, osati khoma loima chilili. Ngati ndi mng'alu, utsegulireni ngalande yooneka ngati V mpaka pansi pake ndi mpaka kumapeto kwake konse kuwiri. Mng'alu wongophimbidwa pamwamba umabwereranso. Kwechani mkati mwa bala ndi sandipepa wa 180 wopinda, koma asatuluke kunja kwa tepi.

Apa imani muyang'anitsitse m'mbali mopendekera muja, ngati n'kotheka ndi galasi lokulitsa kapena kamera ya foni. Muona mizere itatu yosanjikizana: pamwamba woonekera, pakati wonyezimira, pansi wodera. Mizere imeneyi ndiyo ikutsogolereni, chigawo chilichonse chatsopano chifike pa mzere wa chinzake. Ngati dzenje ndi losaya moti zigawo zitatu sizikwanamo, likumbeni pang'ono pakati, mulowe pang'ono chabe m'faiba, kuti mtundu upeze pokhala. Muonanso kamzere kasiliva kozungulira bala, pamene mpeni wadula tinyenyezi takale. Kakumbukireni, tikubwererako. Uzirani fumbi, pukutaninso ndi acetone, dikirani mphindi zingapo auluke, ndipo musakhudzeponso ndi chala.

Chigawo choyamba ndi mtundu. Ndi kabulashi kapena kamtengo, pakani mopyapyala pansi pa dzenje, kungokwanira kubisa faiba. Usakwere kupitirira mzere wodera uja. Ukakwera m'mbali, pukutani ndi nsonga ya kamtengo kokulungidwa nsalu. Dikirani mpaka ulimbe koma ukadali wonanda. Poyesa musakhudze pabala. Khudzani kadontho kamene mwadonthezera dala pa tepi. Golovesi ikamamatirira pang'ono koma osatenga mtundu, nthawi yakwana. Kawirikawiri ndi pakati pa theka la ola ndi ola. Kunanda kumeneku n'kwabwino, ndiko kumagwiritsa chigawo chotsatira popanda kukwecha, ndipo ndicho chifukwa chake tinati clear ikhale yopanda phula.

Chigawo chachiwiri ndicho mtima wa ntchito. Sakanizani clear ndi tinyenyezi pa muyeso umene munapeza pagalasi, kenako thirani MEKP. Tinyenyezi timathamangira pansi pa chikho, choncho takasani nthawi iliyonse musanatunge. Musapake mokoka bulashi, chifukwa titsatana m'mizere yoonekera. Donthezani ndi kudinadina, kenako tengani kamtengo kotokosera m'mano muzitiyendetsa kamodzikamodzi: pamene taunjikana mutibalalitse, pamene pali mpata mukokerepo. Timene taima chammbali tigonekeni, popeza koima sikawala ndipo nsonga yake imadzatulukira pamwamba pokwecha. Tsopano kamzere kasiliva kaja: kokerani tinyenyezi tatsopano tingapo tikwere pang'ono kukaphimba, mosalongosoka, tina mkati tina kunja pang'ono, kuti diso lisapeze mkombero. Pa bala laling'ono kwambiri ena amapaka clear yokha n'kuwaza tinyenyezi touma kuchokera pa nsonga ya bulashi. Njirayi imathandiza pa kadzenje kochepa ngati njere ya mapira, koma pa bala lokulirapo imachulutsa tinyenyezi pamwamba, ndipo ine ndimakonda yosakaniza ija.

Mukamaliza, gonekani lezala modutsa pa dzenje, nsonga zake zitatsamira pa khungu lakale. Pakati pa lezala ndi tinyenyezi payenera kuoneka mpata. Ngati lezala likukhudza, mwadzaza kwambiri. Chotsaniko zikadali zofewa. Ndi bwino kutaya mphindi ziwiri apa kusiyana ndi kudzafukula zonse mawa. Bwererani m'mbuyo muyang'ane ndi tochi kuchokera mbali zingapo. Pakaoneka mdima wochuluka, onjezani tinyenyezi pang'ono chigawochi chikalimba, mopyapyala.

Chigawo chachitatu ndi clear yokha. Chachiwiri chikafika ponanda paja, donthezani clear kuyambira pakati kuti ikankhire mpweya kunja, mpaka itumphuke pamwamba pa khungu lakale n'kufika pa tepi. Gelcoat imafota ikamauma, ndiye yothiridwa mofanana ndendende ndi khungu imadzasanduka kadzenje mawa lake. Timathovu tikaoneka, tibooleni ndi singano. Pa bala lozama ndi bwino kuthira kawiri mopyapyala kusiyana ndi kamodzi mochindikala.

Kenako iphimbeni. Gelcoat yopanda phula siumiratu pamwamba ikamakhudzana ndi mpweya, imakhala yonanda ngakhale patapita sabata. Dulani kachidutswa ka pulasitiki yolimba ija, kamatireni ndi tepi mbali imodzi, n'kukagoneka pang'onopang'ono kuchokera mbali imeneyo kuti mpweya uthawe. Musadine mwamphamvu, mungafinye clear yonse imene mwaunjika. Amene ali ndi PVA, mankhwala amadzi amene akauma amapanga kakhungu kotchinga mpweya, angapopere pamwamba clear itayamba kulimba, ndipo mawa lake imachoka ndi madzi. Ngati bala lili m'mbali mwa boti pamene gelcoat imayenderera, matani pulasitikiyo m'munsi mwa bala poyamba kuti ikhale ngati kathumba, thirani, kenako itsekeni chokweza. Kupendeketsa ngolo ndi jeki kuti malowo agone kumathandizanso, bola mutsekere mateyala ndi miyala. Musathiremo ufa wolimbitsa kuti isayenderere, chifukwa umachititsa clear kuoneka yachifunga.

Isiyeni usiku wonse. Mawa lake matulani pulasitiki, dinani ndi chikhadabo pa clear imene yafika pa tepi. Chikasiya chizindikiro, dikirani tsiku lina, ndipo mungalitulutse boti padzuwa la m'mawa kwa ola limodzi kapena awiri kuti limalize kuuma.

Kusalaza

Matulani tepi yakale, ikani yatsopano mozungulira kachitunda kaja. Tengani lezala, kulungani tepi kawiri kunsonga zake zonse ziwiri kusiya pakati pokha, ndipo palani kachitundako lezala litaima chilili. Nsonga zokulungidwazo zimayenda pa khungu lakale osalikanda, ndipo lezala limasiya kudya lokha likafika pa msinkhu wa tepi. Njira imeneyi imapulumutsa clear yakale yozungulira, imene ndi yopyapyala kale chifukwa cha zaka za polishi.

Tsopano sandipepa wa 400 woviikidwa m'madzi a sopo pang'ono, atakulungidwa pa kathabwa. Chala chokha chimakumba dzenje, kathabwa ndiko kamasalaza. Kwechani pa chigamba pokha mpaka sandipepa ayambe kudya tepi. Chotsani tepi, pitani pa 600, kenako 800, 1000, 1500 ndi 2000, uliwonse mukukulitsa malo pang'ono chabe ndi kusintha kolowera, kuti muziona ngati mizere ya woyamba yatha. Musadumphe kuchoka pa 600 kufika pa 1500, chifukwa mizere yotsala imadzaonekera polishi ikawala. Madzi akhale oyera, osefedwa ngati ndi a m'nyanja, popeza kamchenga kamodzi kamabweza ntchito m'mbuyo.

Maso anu akhale pa madzi otsika pa chigamba. Akamatuluka oyera ngati mkaka, mukudya clear, zili bwino. Mukangoona kamtundu m'madzimo, kapena kadontho kasiliva pamene panali kofiira, lekani pomwepo. Pukutani, umitsani, yang'anani. Ngati ndi kamodzi kapena tiwiri, tikolowoleni ndi nsonga ya singano, pukutani ndi acetone, donthezanipo clear, phimbani, mudzapitirize mawa. Timaenje ta mpweya timene tingatseguke pokwecha timachizidwa chimodzimodzi. Muziumitsa malowo pafupipafupi: pamene pakadali powala pakati pa malo ochita mbuu ndiye kuti ndi potsika. Kukwecha pozungulira kuti mutsikire pamenepo ndiko kumaboola clear yakale; m'malo mwake pakwecheni pang'ono ndi 400 n'kuonjezerapo clear.

Kuwalitsa

Pakani rubbing compound ndi nsalu yofewa, mukupukuta mwamphamvu mozungulira mpaka mbuu uja achoke, kenako polishi yosalala. Pa bala laling'ono dzanja limakwanira. Ngati muli ndi makina a polishi, ayende pang'onopang'ono, mozungulira ka 1,500 pa mphindi, osaima malo amodzi, ndipo muzikhudza ndi kuseri kwa dzanja kuti muone ngati pakutentha. Chopukusira zitsulo chija musachiyese n'komwe ngakhale mutachiveka nsalu: chimazungulira kopitirira ka 10,000 pa mphindi, ndipo chimawotcha clear m'kuphethira kwa diso, makamaka m'makona ndi m'mizere yotumphuka ya boti.

Boti lidikire masiku awiri kapena atatu lisanabwerere m'madzi, ndipo phula mupake patapita pafupifupi sabata, gelcoat itamaliza kukhwima. Tinyenyezi totsala sitiwonongeka, tisungeni m'kabotolo kotseka bwino. Pa kagalasi koyesera kaja lembani dzina la boti, kukula kwa tinyenyezi ndi muyeso umene unagwirizana, mukakulunge m'nsalu n'kukaika m'bokosi la zida. Clear ndi MEKP zikhale padera, pamalo ozizira ndi amdima, ndipo musanazigwiritsenso ntchito ulendo wina yambani mwayesa 10 ml m'chikho kuti muone ngati zikulimbabe.